Shuga wa amayi athu si bizinesi yanu

Ma sister, tsegulani ma status a pa WhatsApp pompano. Simuchedwa kupeza botolo. Lina lobiriwira, lina lofiirira ngati tiyi, ena ndi timakapisozi m'kachitini kokongola kolembedwa Chingerezi. Mawu ake ndi omwewo: amachiza shuga, BP, zilonda za m'mimba, amatsuka magazi, amaphwetsa mimba. "100% natural." "Palibe ma side effects." "Bwerani ku inbox." Mukatsika ku depoti mupeza wina ali ndi sipika akunena zomwezo. Mu minibasi ya ku Ekwendeni wina atulutsa m'chikwama. Kutchalitchi akudikirirani panja mapemphero akatha.

Ndilankhule mosapsatira. Munthu amene akugulitsa botolo kwa mayi womwa metformin, glibenclamide kapena wobaya insulin, osafunsa n'komwe kuti mayiyo akumwa mankhwala anji, akusewera ndi moyo wa munthu. Amene akuwonjezera kuti "zakuchipatalazo siyani kaye, izi n'zokwanira" ndiye akukumba manda. Kaya ndi mnzathu amene tinali naye ku koleji, kaya ndi mayi wa kutchalitchi kwathu, kaya amadzitcha dokotala pa wailesi, mlandu wake ndi umodzi.

Wina afunsa kuti nkhani ya shuga ikutikhudza bwanji ife atsikana. Yang'anani m'nyumba zathu ku Chibavi, ku Chiputula, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo. Amama akadwala, amene amawakweza kabaza kupita ku Mapale kapena ku Central ndi ndani? Amene amagona pansi ngati gadiyani ndi ndani? Amene amaphika phala, kuwiritsa masamba, kusunga kabuku ka kuchipatala, kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti botolo ligulidwe? Ndife. Ndipo amene akulembedwa kukhala ma agent ogulitsa mabotolowa, ambiri ndife tomwe, atsikana amene tili ndi mapepala koma ntchito kulibe. Ndiye botololi limadutsa m'manja mwathu kawiri, pogulitsa ndi pomwetsa. Zikavuta, misozi ndi mlandu zimagweranso ife.

Matendawa sali patali. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 azaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe n'kusindikizidwa mu 2018, anapeza kuti mwa amayi 100 a m'tauni, 44 anali onenepa kupitirira mlingo, ndipo kunenepa ndi khomo lalikulu lomwe shuga amalowera. Amalonda akudziwa bwino manambalawa kuposa ife. N'chifukwa chake botolo la "flat tummy" la mwana ndi botolo la shuga la amayi ake limachokera m'chikwama chimodzi.

Tiyambe ndi liwu limene akutigona nalo, loti "zachilengedwe". Ife a kumpoto kuno tisanamizidwe ndi liwu limeneli. Chinangwa chowawa n'chachilengedwe, eti? Nanga bwanji agogo athu a ku Nkhata Bay amachiviika m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole? Chifukwa muli poizoni, ndipo amadziwa kuti ukachidya chosaviika ukhoza kufa. Bowa amene amapha mabanja nthawi ya dzinja samachokera ku fakitale. Mwabvi ndi khungwa la mtengo. Fodya ndi tsamba. Chilengedwe chili ndi zochiza, chilinso ndi zakupha, ndipo nthawi zambiri chosiyanitsa ndi mlingo basi. Ndiye munthu akakuuzani kuti botolo lake lili ndi mphamvu yotsitsa shuga koma lilibe vuto lililonse, wanama penapake. Ngati lili ndi mphamvu, likhoza kuvulaza. Ngati silingavulaze ngakhale pang'ono, mwagula madzi a mtundu.

Tsopano mvetserani zomwe zimachitika m'thupi, chifukwa wogulitsa sakuuzani.

Mankhwala a shuga amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu ndi atatu. Metformin amauza chiwindi kuti chichepetse shuga amene chimatulutsa, amathandizanso thupi kumva insulin. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, kaya munthu wadya kaya sanadye. Insulin ndi jakisoni wolowa m'malo mwa amene thupi likulephera kupanga. Mlingo wa aliyense dokotala amauyika atayeza magazi. Ndi sikelo yoyezedwa kale.

Mukathira botolo pamwamba pa sikelo imeneyi, choopsa choyamba ndi shuga kutsika mopitirira. Zitsamba zina zimatsitsadi shuga pang'ono. Aloe vera wakumwa, karela ndi fenugreek zili m'gulu limeneli, ndipo kafukufuku waung'ono akuonetsa kuti ufa wa chammwamba ukhoza kutero. Munthu amene wamwa kale glibenclamide m'mawa, wawonjezera kapu ya botolo, kenako nsima yachedwa chifukwa magetsi azima, shuga wake akhoza kugwa mpaka ubongo kusowa chakudya. Amayamba thukuta, kunjenjemera, mtima kugunda, kulankhula zosamveka ngati waledzera, kenako kukomoka. Kunyumba timati agwidwa mizimu, ena amati awalodza, ena amayamba mapemphero. Pomwe chofunika pa mphindi imeneyo ndi supuni ya shuga ndi galimoto yopita kuchipatala.

Chachiwiri, chitsamba chikhoza kutchinga mankhwala kuti asalowe bwino m'magazi. Madzi oviika therere lobala, amene ma group a pa WhatsApp amawatama kwambiri, anayesedwa pa makoswe ku Bangladesh mu 2011, ndipo anachepetsa metformin wolowa m'magazi kuchokera m'matumbo. Makoswe si anthu, zoona. Komabe amene akukuuzani kuti muzimezera piritsi lanu ndi madzi a therere, iye anayesa pa chiyani?

Chachitatu ndi impso. Shuga payekha amadya impso pang'onopang'ono, mwakachetechete. Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo. Mabotolo ambiri "otsuka m'thupi" amagwira ntchito potsegula m'mimba, ndipo utomoni wachikasu wa aloe ndi umodzi wa zinthu zotsegula m'mimba mwamphamvu. Wogulitsa amati "ndi matenda akutuluka, pitirizani". Zoona zake n'zoti thupi likutaya madzi, impso zikuvutika, ndipo metformin akhoza kuunjikana m'magazi mpaka kuika moyo pachiswe. Kumbukirani kuti kwa zaka zambirimbiri munthu wa kuno kumpoto impso zake zikafa, makina osefa magazi a boma ankawapeza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita oposa 350 kuchokera pano. Funsani banja lililonse limene linayendapo ulendo umenewo kuti amene anasiya sukulu kapena geni kukakhala gadiyani anali ndani.

Chachinayi ndicho chimandikwiyitsa kwambiri. Mabotolo ena olembedwa kuti "herbal" amathiridwamo mankhwala a kuchipatala mobisa, kuti wogula akayeza shuga aone kuti watsika, abwerenso kudzagula. Izi sizongoganizira. Ku Singapore mu 2008, anthu 150 amene sankadwala n'komwe shuga anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atagwa koopsa. Ambiri anali atamwa mankhwala ogulitsidwa mozemba owonjezera mphamvu za abambo, ena mwa iwo otchedwa azitsamba, ndipo mkati mwake munapezeka glibenclamide wochuluka. Anthu 4 anamwalira. Ku Singapore kumeneko, dziko limene lili ndi ma labu ndi apolisi oyang'anira mankhwala. Nanga kabotolo kopanda dzina la wopanga, kothiridwa m'botolo lakale la madzi akumwa, inu mukudziwa muli chiyani? Ngati amama amwa glibenclamide wa kuchipatala m'mawa n'kumwanso wobisika m'botolo masana, amwa mlingo uwiri osadziwa.

Pali chitsanzo china chimene ambirife tikuchidziwa pafupi. Kuyambira 2019, anthu ambiri omwa ma ARV m'Malawi muno anasinthidwira ku TLD. Dolutegravir amene ali mu TLD amakweza mlingo wa metformin m'magazi. Madokotala amadziwa zimenezi, choncho munthu womwa zonse ziwiri amamuyang'anitsitsa ndi kumuchepetsera metformin pakafunika. Taonani: ngakhale mankhwala awiri oyesedwa bwino amakankhana m'thupi. Kusiyana kwake n'koti dokotala amadziwa dzina ndi mlingo wa onse awiri, ndiye amatha kukonza. Botolo losadziwika zamkati palibe angalikonzere sikelo, ngakhale dokotala wophunzira chotani.

Ndiye pali aja oti "siyani zakuchipatala". Kwa mayi wa shuga wa akuluakulu, kusiya mapiritsi sikupweteka lero kapena mawa. Amamva bwinobwino, wogulitsa n'kujambula umboni woika pa status. Miyezi ikamapita maso ayamba chifunga, mapazi dzanzi, kabala kakang'ono ka pachala osapola, mpaka mwendo kudulidwa. Nthawi imeneyo wogulitsa anasintha kale nambala. Kwa mwana kapena mtsikana wa shuga wofuna insulin, nkhani ndi ya masiku ochepa chabe. Insulin asanapezeke ku Toronto mu 1921, matenda amenewa ankapha ana onse owadwala, ndipo zitsamba zinalipo padziko lonse nthawi imeneyo. Palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwa insulin. Mayi woyembekezera amene wapezeka ndi shuga ku sikelo, iye ndiye asayese n'komwe, chifukwa akuyesera pa anthu awiri.

Ndikudziwa zomwe ena alembe m'munsimu. "Mwaphunzira ndiye mukunyoza za makolo." "Azungu akufuna tizigula mapiritsi awo." Tiyeni tikambirane bwinobwino.

Metformin yemweyo anachokera ku chitsamba. Ku Ulaya kuli chomera chotchedwa Galega officinalis chimene anthu akale ankamwa akamakodza pafupipafupi. Asayansi atachifufuza anapeza kuti chimatsitsadi shuga, komanso kuti chili ndi ukali wovulaza, moti chimatha kupha nkhosa zikachidya. Anagwira ntchito zaka zambiri kufunafuna mankhwala ofanana nacho koma osavulaza chotero, mpaka dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayesa metformin pa odwala mu 1957. LA amene timamwa tikadwala malungo kuyambira 2007 anachokeranso ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi mzimayi, Tu Youyou, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Anthuwa ankalemekeza zitsamba mpaka kuziyeza, kuzipatsa mlingo ndi kulemba poyera zoopsa zake. Ulemu kwa nzeru za agogo athu ndi umenewo. Ngati muwawani, nimu kapena masamba a gwafa ali ndi kanthu kothandiza shuga, ayesedwe ku KUHeS ndi ku Mzuni, tidziwe mlingo, tidziwe amene sayenera kumwa. Kudzaza botolo kuseri kwa nyumba n'kulemba "amachiza matenda 40" ndi kugulitsa dzina la agogo kuti upeze ya bundle.

Komanso ndisamveke molakwika. Palibe akuletsa amama kudya ndiwo za chammwamba, therere, bonongwe, adyo kapena jinja wa mu tiyi. Chakudya ndi chakudya, ndipo masamba ndi abwino kwa wodwala shuga. Nkhani yathu ili pa ufa wothira masupuni tsiku ndi tsiku, makapisozi, ndi madzi owiritsa mpaka kuda omwedwa ngati mankhwala pamwamba pa mankhwala.

Dziko lino linadutsamo kale m'njira imeneyi. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape umene ankati ukuchiza Edzi. Malole ndi mabasi ankadzaza. Edzi sinathe. Chimene chinabweza makolo athu kumanda ndi ma ARV aulere amene anayamba mu 2004. Ku Gambia mu 2007, Yahya Jammeh ali pulezidenti analengeza kuti akuchiza Edzi ndi zitsamba, kenako anawonjezera mphumu ndi shuga. Odwala anauzidwa kusiya ma ARV, ena anamwalira, ndipo opulumuka anamusumira mu 2018. Nthawi zonse nyimbo ndi yomweyo: munthu mmodzi, chinsinsi chimodzi, matenda onse, ndipo usafunse zamkati. Lero yangosamukira pa foni.

Koma tisaloze chala kwa amayi athu ngati ndi osaganiza. Mayi amene wadzuka m'bandakucha mu kuzizira kwa Juni, wakhala pa mzere mpaka masana, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha kagulani ku pharmacy, atani? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala ndi timapepala toyezera shuga inakwera limodzi ndi china chilichonse. Kuchipatala amamuuza kuti matendawa sachizika, muzimwa mapiritsi moyo wanu wonse, mphindi zitatu zatha, wotsatira. Wogulitsa botolo amamupatsa mpando, amamutcha "amama", amamumvetsera theka la ola, amamulonjeza kuti achira. Inu mukanasankha ndani? Ndipo amayi ambiri sanena kuchipatala kuti akumwa zitsamba chifukwa amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu. Chinsinsi chimenechi ndi chimene chimapha, chifukwa dokotala akaona shuga watsika kapena wakwera amasintha mlingo osadziwa kuti m'nyumba muli botolo.

Choncho tili ndi mawu kwa ena.

Kwa anamwino ndi madokotala athu: tikudziwa kuti mzere ndi wautali ndipo ndinu ochepa. Komabe funsani wodwala aliyense wa shuga ngati pali china chimene akumwa kunyumba, ndipo funsani ndi mawu oti munthu angayankhe zoona. Mukamukalipira lero, mawa abisa.

Kwa a PMRA: lamulo la 2019 limene linakhazikitsa bungwe lanu m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board linakupatsani mphamvu pa mankhwala ogulitsidwa ndi momwe akutsatsidwira. Tikufuna kuona mphamvuzo mu msika wa Mzuzu, ku Zigwagwa ndi ku depoti. Tengani mabotolo, muwayeze, mutiuze poyera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti muli chiyani. Kwa eni nyumba zoulutsa mawu ndi a MACRA: mphindi 30 za munthu wonena kuti amachiza shuga kotheratu ndi ndalama kwa inu, koma kwa ife ndi maliro. Kwa aphungu athu: mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Metformin ndi amodzi mwa mankhwala otchipa kwambiri padziko lapansi. Shelefu ya chipatala ikakhala yopanda kanthu, mwatsegulira nokha msika wa mabotolo.

Kwa iwe mnzanga wogulitsa: ndikudziwa kuti lendi sidikira, ndipo amene anakulemba anakulonjeza galimoto ndi ulendo wa kunja. Sindikukunyoza. Koma dzifunse mafunso atatu. Ukudziwa chilichonse chimene chili m'botolomo ndi mlingo wake? Ukudziwa chimene chingachitike likakumana ndi glibenclamide? Kasitomala wako akakomoka usiku, amene ali pamwamba pako mu kampanimo abwera ku Central? Ngati yankho ndi ayi, wakusenzetsa mlandu iye n'kutenga phindu. Leka kulemba kuti "amachiza shuga". Leka kuuza anthu kusiya mapiritsi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo ife amene tili ndi wodwala m'nyumba, tichite izi sabata ino. Sonkhanitsani chilichonse chimene amama akumwa, mapiritsi, ufa, makapisozi, botolo la mphatso lochokera kwa achimwene ku Joni, muike m'jumbo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Tsiku la kiliniki pitani nawo, muike pa tebulo, mufunse kuti izi zikugwirizana? Safunsa anadya phula. Musawalande botolo mwaukali, angoyamba kumwa mobisa. Khalani nawo pansi, muwafotokozere ngati momwe iwo anakufotokozerani za chinangwa chowawa. Mapiritsi kapena jakisoni asasiyidwe kapena kuchepetsedwa popanda mawu a dokotala, ngakhale akumva bwino chotani. Ngati kuchipatala n'kutali, imbani Chipatala cha pa Foni mufunse.

Phunzitsani aliyense m'nyumba, ndi ana omwe, zizindikiro za shuga wotsika: thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, kusokonezeka. Ngati muli ndi kamakina koyezera, nambala yochepera 3.9, kapena 70 pa makina owerenga mwa mtundu winawo, ndi yoopsa. Munthu akadali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la tambula ya chakumwa chotsekemera. Pakatha mphindi 15 ngati sanasinthe bwerezani, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, thamangani naye kuchipatala, botolo lija mulitenge. Womwa glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kugwanso usiku.

Mukaona status yolonjeza kuchiza shuga, musangodutsa. Funsani poyera pomwepo: muli chiyani, mlingo wake ndi wotani, analembetsa kuti, womwa metformin angamwe? Akakublokani, mwapeza yankho. Tumizani uthengawu ku group ya kubanja kwanu, makamaka kwa azakhali aja amene amatumiza za madzi a therere m'mawa uliwonse.